Nangondo Ayamikira Supamaketi

Kampani ina inafuna kumanga supamaketi ya zinthu zotchipa pamalo pomwe amayi ankagulitsirapo tomato, m'katauni kena kunja kwa Lilongwe. Khansala Kapinga, amene ankalota kale akudula riboni, anaitanitsa Nangondo, wapampando wa amayiwo.

"Mawa pamsonkhano mukayamikire supamaketiyi pamaso pa anthu. Mukakana, pamsika pano musadzaonekenso."

"Ine ndine yani kuti ndikane chitukuko, bwana?" anatero Nangondo.

Tsikulo bwalo linadzaza, akazi a khansala atakhala pampando wakutsogolo. Nangondo anaimirira.

"Abale, tiwaombere m'manja bwanawa! Wina akanaganizira banja lake, koma iwowa ayi. Supamaketi ikabwera, shuga, sopo ndi mafuta tizidzagula motchipa. Ndani adzapondenso m'golosale ya mayi akhala apawa, muja sopo amakwera mtengo ngati golide? Bwana alolera kuti itsekedwe chifukwa chotikonda ife!"

Amayi anaimba nthungululu. Mayi Kapinga anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana amuna awo.

Khansala anatsokomola, napempha madzi akumwa.

"Nkhaniyi," anatero, "ikufunika kuiunikanso mofatsa."

Papita zaka zitatu tsopano, bwana akuunikabe.