Maso Owala a Bambo Anga ndi Nyerere za M'nkhuyu

Bambo, papita masabata atatu chikuikireni m'manda. Ndikulemba izi kuti adzukulu anu adzawerenge, pakuti akuluakulu pamudzi pano ayamba kale kunena kuti zinali za Mulungu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma zimene ndinaona ndi maso angawa palibe angandiphunzitse.

Ana inu, mverani. Agogo anu aKamwendo anali kalipentala wokhoma madenga ku Mponela. Chibadwire, maso awo ankaona pafupi pokha. Msomali ankauona, koma munthu woima kutsidya kwa msewu ankangomuona chimbuuzi. Ankavala magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo, omanga ndi mphira kunkhongo kuti asagwe ali padenga.

Mkulu wanga Fanizo, wa ku Joni uja, ankachita nawo manyazi. Chaka china anawatenga, ndipo madokotala a kumeneko anawaika timagalasi ting'onoting'ono m'kati mwa maso. Atabwerako, anthu anadzaza pakhomo kudzaona.

"Achimwene, mwasanduka mnyamata!" anatero mng'ono wawo aMalizani. "Amayi a kumsika tiwabise basi."

"Iwe, lero ndiye ndaona kuti ndiwe wonyansa kuposa mmene ndinkaganizira," bambo anayankha, anthu n'kugwa nako kuseka.

Koma anabwera ndi pepala. Dokotala anawauza kuti kuseri kwa khungu loonekera limene lili kutsogolo kwa diso kuli timaselo timene timakapa madzi kuti khungulo lisachite chifunga. Timaseloti sitiberekana, kakafa kafa. Ambiri oikidwa timagalasi amakhala bwinobwino, koma mwa ena kagalasi kamayandikira khungulo, makamaka munthu akamatikita m'maso, ndiye timaselo timatha msanga. Choncho ankayenera kupita chaka ndi chaka kukatiwerengetsa pa makina, kuti tikayamba kuchepa, kagalasi kachotsedwe nthawi ikadalipo. Nanga kalipentala, utuchi tsiku lonse, angaleke bwanji kutikita m'maso?

Chaka chitatha ndinati tipite ku Lilongwe. Azakhali anga aNambewe anagwira pakamwa.

"Munthu wabwinobwino kupita kuchipatala? Ukufuna kuwalaula bambo ako? Taona maso ali mbee!"

"Matenda saputa dala," anatero aMalizani.

Fanizo pa foni anangoti, "Opaleshoni ya ku Joni sabwereza, mphwanga. Za kumudzi zakulowa m'mutu."

Kwathu akulu akagamula, wamng'ono amatseka pakamwa. Ndinatseka, ndipo mlandu wanga ndi umenewo. Chaka chilichonse ndinkayambitsa nkhaniyo, chaka chilichonse ankandilozera maso owalawo.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi bambo anandikokera kuseri kwa nyumba. "Lufeyo, m'mawa ndikumaona ngati utsi. Dzuwa likakwera umachoka. Usauze munthu."

Ndinawatenga mwakachetechete kupita nawo kuchipatala ku Lilongwe. Dokotala wamayi anatitembenuzira makina kuti tione chithunzi.

"Apa pamayenera kudzaza ngati chisa cha njuchi. Onani mmene timaselo tachepera. Bwanji simunabwere kale, bambo?"

"Maso ankaoneka bwino, adokotala."

"Kuoneka amaoneka bwino mpaka mochedwa. Sabata yamawa tichotse timagalasito kuti tipulumutse totsalato. Koma padenga musakwerenso, makamaka m'mawa."

Podikira minibasi tinakhala pansi pa mkuyu. Bambo anatola nkhuyu yofiira bwino, yosalala, n'kuibenthula. M'kati munali nyerere zokhazokha. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, ndi ine uyu. Kunja chikomekome."

Titafika, tinapeza aMalizani akudikira. Malata a nyumba yawo yatsopano anali atabwera, ndipo mitambo inali itayamba kuda. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anasuzumira bambo kumaso n'kuseka.

"Wodwala maso amakhala chonchi? Achimwene, ulesi mwauyamba liti? Mukufuna nyumba ya mng'ono wanu aikhome mlendo, anthu aziti abale anadana?"

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza hamala ya bambo palibe. Ndinathamangira kwa aMalizani, koma ndinafika bambo atakwera kale padenga. Ndinawaona akuponda pamene ankayesa kuti pali thabwa. Panalibe thabwa.

Ana inu, mudzamva anthu akuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakalekale. Iwo anene zawo. Kwathu kuno unayambira m'dzanja la agogo anu. Tanthauzo lake ndi ili: kukoma kwa kunja si umboni wa zimene zili m'kati. Diso likhoza kuwala likutha, ndipo amene amadziwa ndi amene wasuzumira m'kati, osati woyamikira ali panja. Dokotala akati mubwerenso, bwererani, ngakhale mudzi wonse ukuti mukuoneka bwino. Ndipo mwambiwu sunena za maso okha.

Bambo, tsopano ndikuuzeni amene sanabwere kudzakuperekezani. Fanizo sanabwere, anatumiza uthenga pa foni kuti kuntchito amukaniza. ANambewe sanabwere, akuti mwendo. AMalizani sanabwere. Anapeza kalipentala wina wa ku Madisi, ndipo pamene tinkakutsitsirani m'dzenje, hamala inkamveka mpaka kumanda.