Nakwenda ndi Bomba la Mlongo Wake

Kalekale, msewu uwu usanalambulidwe, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nakwenda, agogo awo a amayi anga. Siyani kaye kusenda mtedzako, adzukulu inu, mundiyang'ane kuno. Dzulo masana ndinamva phuu! kuchokera kumtsinje, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wa inu akungoyang'ana pansi ngati wataya singano. Mukuyesa makutu anga anafa? Lero mumva.

Nakwenda anali wamfupi, wamawu okhakhala, wosadziwa kunyengerera munthu. Mayi wawo atamwalira anamusiyira khanda, mlongo wake Zingani. Anamulera yekha. Kumubereka kumsana ndi iye, kumutafunira chakudya ndi iye, kumupukuta mamina ndi iye. Zingani atakula anapita kumigodi ku Joni monga ankachitira anyamata a nthawi imeneyo.

Tsono mtsinje wathuwu unali ndi maiwe atatu, osati limodzi lomwe mukulidziwa inuli. Mvula ikangoyamba, akuluakulu ankatseka maiwe onse. Mbedza ayi, mono ayi, nsomba ziswane. Madzi akaphwa m'chilimwe ndiye ankalengeza tsiku lotsegula, mudzi wonse n'kulowa m'madzi, amayi ndi madengu, amuna ndi miono, nyimbo zili pakamwa. Kansomba kosakwana chala kankabwezedwa. Nsomba zoyamba zinkapita kwa amasiye ndi nkhalamba, zotsala n'kuziwamba kuti zidikire miyezi ya njala. Mwamva? Maiwe amenewo anali nkhokwe ya mudzi.

Zingani anabwerako ku Joni ndi jasi, chipewa ndi bokosi lachitsulo. M'bokosimo munali wonga wa kumigodi, uja amaswera miyala pansi pa nthaka, wokulungidwa ngati timitengo, kalikonse ndi kachingwe kake koyatsa. Anaba kumene, nanga akanam'patsa ndani? Anthu anangoti ndi mabomba.

"Mukuvutikiranji ndi madengu?" anatero Zingani. "Bwerani muone mmene amaphera nsomba anthu oyenda."

Inali nthawi yotseka, koma anapita kudziwe lakumtunda, nayatsa limodzi, n'kuponya. Phuu! Madzi anakwera kupitirira mkuyu. Atakhazikika, pamwamba ponse panangoti mbee, nsomba mimba m'mwamba. Milamba, makumba, matemba, zazikulu, timwana, zamazira m'mimba, ndi achule omwe. Mukuganiza kuti akuluakulu otseka maiwe aja anadzudzula? Anali patsogolo, malichero kumanja! Ndikaganizira zimenezi mtima umandiwira mpaka lero. Amuna a imvi kumakankhana ndi ana polimbirana mlamba, opanda ndi manyazi omwe.

Zimene anatola zinali zochepa. Zambiri zinamira n'kuwolera pansi, gombe linagumukira m'madzi, ndipo fungo lake linachititsa amayi kukatunga madzi kutali.

Nakwenda sanatole ngakhale imodzi. Anam'peza mlongo wake pakhonde akupukuta nsapato.

"Iwe Zingani, wapha mayi ndi mwana yemwe. Chaka chamawa tidzadya chiyani?"

"Alongo, vuto lanu simunayende. Nsomba sizitha m'madzi."

"Zikadzatha iwe udzanyamula jasi lakolo kubwerera ku Joni. Ife tidzatsala ndi matope."

Anamumvera ndani? Zingani ndiye anali mwamuna yekha pambumba, mwini mbumba, wobwera ndi sopo ndi nsalu. Amayi anzake a Nakwenda anati ndi nsanje. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: mwezi usanathe anakaphulitsanso dziwe lapakati. Linatsala limodzi, lakumunsi, lathuli.

Tsiku lina m'mawa Nakwenda akusinja anaona anthu akudutsa ndi malichero, Zingani patsogolo. Anasiya munsi mumtondo, nadula njira ya m'bango. Pamene anthu ankafika padziwe anam'peza ali pakatikati, nsalu atamanga pachifuwa, madzi akulekeza m'khosi.

"Tulukani, alongo!" anakuwa Zingani.

"Ponya."

"Ndati tulukani, mufa inu!"

"Ndinakubereka kumsana uno. Ukufuna nsomba? Yamba ndi ine. Ponya."

Zingani anatsitsa dzanja. Ndikukuuzani, mwana uja anatsitsa dzanja, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma pagombe panali anthu, ndipo anthu anali atabwera ndi malichero.

"Muopseze, atuluka yekha ameneyo!"

"Ukugonjera mkazi, iwe wa ku Joni?"

"Yatsa! Akangoona utsi athawa!"

Anayatsa. Anakweza dzanja m'mwamba kuti mlongo wake aone, kachingwe kakungoti tsiii. Nakwenda sanasunthe, sanaphethire n'komwe. Zingani anayang'ana kumanja, anthu. Kumanzere, anthu. Kumbuyo, amayi ndi ana kumsana. Kutsogolo, mlongo wake. Aponyere kuti? Ndifunse inu, mukanaponyera kuti? Anangokuwa kuti, "Thawani!" n'kutembenukira kubango kuti akatayire kumeneko. Sanafike.

Utsi utabalalika, Zingani anali gone pamchenga. Dzanja lamanja panalibe, nkhope itapsa mbali imodzi, magazi akutuluka m'khutu. Ndipo pagombe panatsala ndani? Malichero okha! Onse aja a "yatsa, yatsa" anali atalowa m'tchire, wina mpaka kuiwala ndodo yake. Nakwenda anatuluka m'madzi yekha, nang'amba nsalu yake, namanga mkono uja kuti magazi aleke. Kenako anam'bereka. Mwamuna wamkulu, wandevu, pamsana womwe uja. Anayenda naye mpaka kumudzi, m'pamene amuna ena anatulukira ndi machira kupita naye kuchipatala cha mishoni.

Zingani anachira, koma khutu limenelo silinamvenso. Ali chigonere kuchipatala anaulula yekha za bokosi, asilikali a kuboma n'kubwera kudzalitenga. Anakaphulitsira kuseri kwa phiri, ndipo mbale zinagwa m'nyumba za kuno.

Mukuganiza kuti mudzi unathokoza Nakwenda? Ha! Anati, "Nakwenda wadula dzanja la mlongo wake. Wouma mtima, mfiti." Pakamwa pomwe paja pankati yatsa! Pachitsime ankamusiya yekha. Pamaliro akakhala pamphasa, ena ankasuntha. Iye sanapite kwa aliyense kukadziyeretsa, koma agogo anga ankanena kuti Nakwendayo ankalira, ndipo ankati akanadziwa kuti zithera m'dzanja la mwana wa mayi ake, kaya akanalowa m'madzimo kaya ayi.

Chaka chotsatira mvula inadula, chimanga chinapserera chisanamasule. Anatsegula dziwe lakumtunda, matope. Lapakati, achule awiri kapena atatu. Anafika lakumunsi, madengu kulemera osanyamulika. Mudzi unapulumukira dziwe limenelo, ndipo omutukwana aja anabwera onse, mitu pansi. Nakwenda anaima pagombe, manja m'chiuno.

"Tolani," anatero. "Koma pamene mukudya muzikumbukira kuti ndiwo izi mtengo wake ndi dzanja la Zingani."

Zingani sanabwererenso ku Joni, nanga mgodi ungalembe munthu wa dzanja limodzi? Anakalambira kuseri kwa nyumba ya mlongo wake. Nsomba ya minga sidyeka ndi dzanja limodzi, ndiye tsiku lililonse kukakhala nsomba, Nakwenda ankakhala naye pamphasa kumuchotsera minga, akumukalipira kuti adye msanga. Anachita zimenezo mpaka imfa inawalekanitsa.

N'chifukwa chake ife a mbumba ya Nakwenda sitiponya kanthu m'dziwe limenelo, ngakhale mwala wamasewera. N'chifukwa chake nsomba yophedwa ndi bomba silowa pakhomo pano, olo ikhale yaulere. Maiwe awiri aja anakwiririka, lero mumasewererapo mpira osadziwa.

Tsono tambasulani manja anu ndione. Onse. Zala zilipo? Amene anaponya dzulo sindimufunsa dzina, amudziwa mayi ake. Ine ndikunena ndi inu amene munaima pagombe ndi matumba, mukuseka. Zingani anali atatsitsa kale dzanja, adzukulu anga. Analikwezanso chifukwa cha anthu ngati inu.