Goli la Nankhwazi Limene Linaphuka

Kalekale, makolo athu asanatsike m'mapiri kudzalima m'madambo muno, ogwira akapolo ankadutsa m'dziko lino ndi mfuti zawo, akukusira anthu kum'mawa. Mbiri iyi ndinaimva kwa mayi Eneresi Kamtukule, ndipo ndikuilemba monga anandiuzira. Mulungu andithandize kuti ndisawonjezepo zanga.

Mwa ogwidwawo munali mayi wina dzina lake Nankhwazi, amene anamuveka m'khosi goli la mlombwa wauwisi, lotsekedwa ndi kachitsulo kumbuyo. Mvula yamkuntho itabalalitsa gululo powoloka mtsinje, iye anathawa goli lili m'khosi, nalikoka mpaka pamudzi wa m'tsinde mwa phiri la Chimbwadzi. Wosula makasu wa pamenepo, Gwirize, anapinda kachitsuloko n'kumumasula, koma anthu anagwidwa mantha, pakuti mudzi wopezeka ndi goli unkatenthedwa, eni ake n'kumangidwa.

"Tiliwotche," anatero wina.

"Lauwisi ili, lingofuka utsi n'kutiitanira adani," anayankha Gwirize.

Nankhwazi anaona anthu akuzika mitengo ya khola la mbuzi. "Kwathu mlombwa sititaya, timazika," anatero, nalizika golilo pakati pa mitengo inzake, mphanda ili m'mwamba.

M'mawa mwake olondola mapazi anafika. Nankhwazi anali pamtondo ndi amayi ena, khosi atalikuta ndi mikanda yobwereka kuti zilonda zisaoneke. Anthuwo anafufuza m'nyumba ndi m'nkhokwe, koma pofika pakhola anapeza golilo litaphuka masamba, khungwa litameza kachitsulo kaja. Mmodzi anakolekapo mfuti yake pomwa madzi, kenaka onse anachoka.

Ndinafunsa mayi Eneresi kuti, "Nanga amayi, chinthu chomuzunza chotero sanafune kuchizula pambuyo pake?"

Iwo anaseka. "Ana ake ndiwo anafuna, mwanangu. Mwini wake anati, 'Mukalidula, adzukulu adzati ndinabwera kuno kudzakwatiwa.'"

Nankhwazi anabala Msatero, Msatero anabala Tiyanjane, ndipo Tiyanjane ndiye anabala amayi awo a mayi Eneresi. Khola lija linatha kale, koma mlombwawo ulipobe ndi nthambi zake ziwiri, ndipo ukakandika umatuluka utomoni wofiira. Akalipentala anaupempha kangapo, mbumba inakana. Mtsikana wa m'banjamo akakula, amamuimika pansi pake, n'kumuuza kuti ayang'ane pa mphandapo ndi kutchula dzina la mwini khosi.