Tsitsi la Theka

Telala wa pakona anali mayi wa manja abwino, koma makutu ake anali a mwala. Mwamuna wake atadzipha, iye anauza mwana wawo wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, kuti bambo ake anafa ndi mtima. Msewu wonse unkadziwa zoona. Mwana yekha ndiye ankayenda mumdima.

Mlamu wake ankabwera n'kukhala pafupi ndi makina osokera. "Mlamu, muuzeni mwanayu. Pakamwa pa anthu palibe chitseko."

"Akangolemba mayeso," ankayankha Telala, ulusi uli kukamwa.

Mayeso analembedwa. "Akangochira chifuwachi." Chifuwa chinatha. "Akangokula pang'ono." Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa choncho. Munthu wosoka zong'ambika za eni ake, osaona kuti m'nyumba mwake mukung'ambika!

Loweruka lina masana mtsikanayo anapita kukalukitsa tsitsi. Makanema a m'saluniwa, inu, safunsa kuti pampando pakhala ndani. Ankaonetsa filimu ya banja limene bambo anadzipha. Mayi wa mufilimuyo anachotsa zithunzi pakhoma, ndipo mwana akafunsa, ankati, "Unali mtima," maso ali pansi.

Mtsikana anayang'anitsitsa kanemayo. Kwawonso zithunzi zinali m'sutikesi. Kwawonso maso ankagwa pansi chimodzimodzi. Pamene mayi wa mufilimu anakhazika mwana pabedi kuti amuuze zoona, misozi ya mtsikana inangoti mbwee, mpaka kunyowetsa thaulo la m'khosi.

Woluka tsitsi, m'malo mosunga pakamwa, anakuwa. "Zimitsani, anthu inu! Mulibe chisoni? Simukudziwa kuti bambo ake anapita chonchi?"

Makasitomala onse anatembenuka n'kuyang'ana mtsikanayo.

Mtsikana anafika kunyumba tsitsi lili theka, mbali ina yoluka, ina ili nyankhalala. Anaima kutsogolo kwa makina.

"Amayi, mwana wa mufilimu amuuza amayi ake atamugwira dzanja. Ine ndauzidwa ndi woluka tsitsi, makasitomala akundiyang'ana."

"Mwanangu, ndimafuna ukule kaye."

"Ndikule? Ndinasiya kuthamanga kusukulu poopa kuti mtima wanga uima ngati wa adadi. Inu munkandiona ndikudzigwira pachifuwa, n'kumangosoka!"

Telala anatambasula dzanja. Mtsikana analiyang'ana, n'kulowa kuchipinda.

Kuyambira tsikulo mtsikanayo amadya, amachapa, amapereka moni ngati mlendo. Za bambo ake amakafunsa kwa oyandikana nawo, amene amathira mchere pamene sakudziwa. Ndipo Telala, yemwe analibe nthawi yonena mawu atatu, tsopano amasiya nsalu za anthu pamakina, n'kukagwada pakhomo la chipinda cha mwana wake yemwe.

"Tsegula, ndikuuze zonse. Anali munthu wabwino. Ankakukonda."

"Mudzandiuza ndikakula," limayankha liwu mkatimo.

Makolo inu, samalani. Nkhani yowawa siizizira poisunga, imangodikira pakamwa pa munthu wolakwika. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.