Mng'alu wa Injini ya a Kapito

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Wina umene mumaumva kawirikawiri akuti unabadwira m'galaja, ndipo ine sindikangana nawo.

Ku Ntcheu kunali bambo wina, a Kapito, amene anali ndi galimoto yamakedzana, yobiriwira, yowasiyira malemu bambo awo. Inali nkhalamba, koma yosamalika, moti ikamadutsa anthu ankaimitsa khasu. Mayi awo, a Nangozo, maso anali atazima kalekale, koma galimotoyo ikangoyamba kukwera chitunda cha kumudzi ankaidziwa ndi kulira kwake. "Mawu a amuna anga amenewo," ankatero, n'kudzuka kukayala mphasa.

Tsiku lina injini inatentha kwambiri panjira, ndipo a Kapito, poti anali munthu waphuma, anaikhuthulira madzi ozizira. Thee! Buloko, chitsulo chachikulu chimene ndi thupi la injini, inang'aluka.

Anzawo anati angoizula, injini zina zili mbwee m'tauni. A Kapito mtima unawawa. Injini ina ikanayenda bwino, inde, koma ndi mawu achilendo, ndipo mayi awo akanatsala opanda chowakumbutsa amuna awo. Choncho anaikokera kwa mlamu wawo, a Jailosi, makaniko wosalankhulalankhula.

"Alamu, mng'alu ndi uwu, ukuoneka. Wotchererani ndizipita."

"Umene mukuuonawo ndi mchira chabe," anatero a Jailosi. "Mng'alu umayenda mobisala. Tikatseka pano osadziwa pothera pake, udzatulukira kwina. Ukakhala kuti walowa m'kati, injiniyi tiiiwale. Ukakhala kuti wathera kunja, tiisoka."

"Kusoka chitsulo? Mwayamba utelala?"

A Jailosi anangomwetulira. Anatsuka bulokoyo, kuipaka parafini, kupukuta, kenaka n'kuiwaza ufa wa choko mpaka kuyera mbuu. Atatero anakhala pansi, manja pamaondo.

A Kapito anazungulira galaja, kubwera, kuzunguliranso. Pachokopo panalibe kanthu. Mtima utawathera, anatola hamala kuti agogode amve pomwe pakulira mwachilendo. A Jailosi anawagwira dzanja.

"Alamu, munaonapo maso a nkhono?"

"Ndinaonapo."

"Munaigogoda chigoba kuti iwatulutse?"

A Kapito anaika hamala pansi, nakhala pambali pa mlamu wawo. Dzuwa linasuntha. Ndiye pachoko choyeracho panayamba kutuluka kamzere konyowa, kochepa ngati tsitsi. Anali parafini uja, akubwerera kuchokera mumng'alu. Kamzereko kanapitirira pamene maso ankati mng'alu wathera, kanakhota, kulunjika kumene injini sikanapulumuka. Kanayenda pang'ono, n'kuima, katatsala kadanga ngati chala.

"Yachira," anatero a Jailosi motsitsa mawu.

Makaniko uja ndinkamugomera, ana inu. Anaboola kabowo pothera mng'alu kuti usapitirire, kenaka n'kumalowetsa timabawuti motsatana, kena kuluma kanzake, mpaka mzere wonse unatsekeka ngati msoko wa chigamba. Sanathamange, ndipo a Kapito sanamufulumizenso.

Galimoto itakwera chitunda chija, a Nangozo anali pakhonde akusenda nandolo. Anaimitsa manja, kupendeketsa mutu, misozi n'kuyamba kutsika.

"Ndimayesa bambo ako andisiyanso kachiwiri," anatero.

A Kapito anagwada pambali pawo. Pambuyo pake, aliyense wowafunsa chifukwa chimene sanasinthire injini ankamuyankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambiwu ukutanthauza kuti zinthu zina sizionekera munthu waphuma. Nkhono ukaigogoda imabisala, koma ukakhala phee imatulutsa yokha maso ake. Musanataye chinthu, kapena kuchikonza mwachisawawa, dekhani mpaka muone pamene vuto lathera.