Ana a pa 1 Januwale

Panali munthu wina wodziwa za makompyuta, amene anapatsidwa ntchito yokonza foni yolembera ana kusikelo. M'fonimo anaikamo sefa ya madeti. Anailamula kuti tsiku lobadwa mwana lizikhala lathunthu: manambala awiri a tsiku, awiri a mwezi, anayi a chaka. Loperewera, sefa izilikana. Anachita izi ndi mtima wabwino, poti ankadana ndi ntchito yosokonekera.

Patapita zaka, mwezi wa Febuluwale, m'nkhokwe mutayera, munthuyo anapita kumudzi wina kukaona ntchito ya manja ake. Anakhala pansi pa mtengo pomwe ankakwezera ana sikelo. Panafika mayi atabereka mwana wa malemu mng'ono wake, kamnyamata kowonda, katsitsi kofiirira. Mlangizi wa zaumoyo anayang'ana m'foni, napukusa mutu.

"Pepani mayi, uyu anakwanitsa zaka zisanu mwezi wathawu. Phala la likuni ndi la osafika zisanu."

"Zisanu ziti, adokotala? Mwanayu anabadwa mvula yoyamba itagwa, chaka chikupita kumapeto. Chaka ndinakuuzani. Mwezi ndi tsiku, mwini wake anapita nazo kumanda."

Mlangizi anangoti foni yatero. Mayi uja anamanga mwana kumsana, nanyamuka.

Munthu uja ataona tsiku lobadwa la mwanayo, anafunsa kuti nanga 1 Januwale wa m'fonimu anachokera kuti.

"Bwana, foni yanuyi siimva mawu oti sindikudziwa," anatero mlangizi. "Ndikasiya mpata, imakana mwana. Ndiye ndimangoika 1 Januwale kuti adutse. Tonse timatero."

Munthuyo anatenga foni ija, nayamba kuyang'ana mayina. Ana amasiye, 1 Januwale. Ana obadwira panjira, 1 Januwale. Ana oleredwa ndi agogo, 1 Januwale. Onsewa ankakula msanga m'foni, n'kuchotsedwa pa phala nthawi yomwe njala imaluma. Sefa yake inkalandira bodza chifukwa linali ndi maonekedwe oyenera, n'kumakana zoona chifukwa zinali zazifupi.

Sanadzudzule mlangizi. Anakhala pomwepo, naikonzanso sefa ija. Chaka chokha chizidutsa. Chaka ndi mwezi zizidutsa. Tsiku la 31 Febuluwale lokha, ndi ena onga ilo, azikanidwabe. Ndipo mwana wodziwika chaka chokha azidya phala mpaka chaka chomwe akukwanitsa zaka zisanu chithe.

Atatha, anatsata mayi uja wapansi, nakamupeza akupuma pamlatho. Kamnyamata kaja kanalandira phala tsiku lomwelo. Koma mwa ana amene anabwezedwa mu Januwale, si onse amene anapezekanso.

Inu amene mumaima pakhomo, kaya la chipatala, kaya la sukulu, kaya la nyumba yanu yomwe, musiyireni mpata munthu wonena kuti, "Ine ndikudziwa polekeza apa." Mukamukana chifukwa mawu ake ndi ochepa, mawa adzakubweretserani bodza lathunthu, inu n'kulilandira ndi manja awiri. Wogona ndi njala adzakhala mwana.