Mazira a Aphunzitsi ndi Mlamu wa ku Euthini

A Gordon Chimbalanga, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Ntcheu, ankaweta nkhuku zoikira kuseri kwa nyumba yawo pa boma la Mzimba. Anali munthu wosakhazikika, wa mtima wapachala. Tsiku lililonse ankalemba pakalendala mazira amene atola, ndipo kalendalayo ndi imene inawazunguza mutu. Sabata iliyonse imene mlamu wawo Mable wabwera kuchokera ku Euthini, mazira ankachepa. Miyezi isanu, osaphonya.

Anawerenga kawiri, katatu, akuzungulira khola ngati nkhuku yosowa poikira.

"Esme, mng'ono wakoyu ali ndi dzanja lalitali," anauza mkazi wawo. "Manambala sanama."

"Ndapota, adada, mwana amabwera ndi kachikwama, amabwerera ndi kachikwama komweko. Mazirawo amawabisa m'makutu?"

Koma munthu wozolowera kuchonga anzake safuna kuchongedwa. Mable atafikanso, a Gordon anamukhuthulira chikwama pakhonde, anthu oyandikana nawo akuonerera. Munatuluka chitenje, mswachi ndi buku la nyimbo basi. Zinali zochititsa manyazi kwabasi. Mable analira, koma Esme sanagwetse msozi, anangomanga katundu wake.

"Yewo chomene, aphunzitsi. Mbwenu tsalani ndi manambala anuwo."

Mwezi unatha nyumba ili zii. Pikapu ya ku Euthini, yomwe Mable ankakwera, inabwera mwa nthawi zonse kudzatsitsa thumba la madeya otchipa. Kusakaniza chakudya cha nkhuku inali ntchito ya Esme, tsopano a Gordon anamasula thumbalo okha. Fungo la chuku linawamenya m'mphuno. Ndi liuma lawo lija anadyetsabe nkhukuzo, ndipo sabata imeneyo mazira anachepa kuposa kale, Mable ali kwawo phee. Apa m'pamene anazindikira kuti mlamu ndi madeya ankangokwera galimoto imodzi.

Loweruka anathamangira ku Euthini, kwawo kwa Esme. Apongozi anawapatsa mpando, koma Esme sanatuluke. Anangoyankha ali m'nyumba.

"Munafufuza chikwama cha munthu pamaso pa anthu, thumba la madeya osalinunkhiza n'komwe. Kapepeseni Mable pakhonde pomwe paja, anthu omwe aja akumva."

A Gordon anabwerera okha, nkhope ili pansi, akuganiza za mmene akaitanire anthu kudzaonerera manyazi awo. Akuluakulu sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha.